Lipoti la nkhani: Galu wa miyezi 5 wokodza m'nyumba, ndi mphaka amene sankaganiziridwa

Chiweto: galu wamkazi wa miyezi 5, wolemera makilogalamu 13, wamtundu wosakanikirana (German Shepherd ndi galu wamba wakuno), wosachitidwa opaleshoni yoletsa kubereka. Pakhomo pomwepo pali mphaka wamphongo wofulidwa wa zaka 4.

Dandaulo la eni ake

Banja lina la mumzinda wa Lilongwe linabwera ndi galuyu ku chipatala cha ziweto kumene ndimagwira ntchito mu Januwale, mvula itafika pachimake. Dandaulo linali lalifupi: galu akukodza paliponse m'nyumba ndipo sakumva. Bambo a pakhomopo anali atagamula kale kuti ngati palibe mankhwala, galuyo amangidwa pa tcheni kuseri kwa nyumba kapena atumizidwa kumudzi. "Adokotala, galu ameneyu ndi wamwano," anatero. "Amadikira kuti ndilowe pakhomo, n'kukodza ine ndikuona." Mayi ndi ana sankafuna kuti achoke, koma nawonso anali atatopa ndi kukolopa.

Mbiri

Ndinawafunsa mafunso nthawi yaitali ndisanamugwire galuyo, chifukwa pa nkhani za khalidwe zambiri zimatuluka m'kamwa mwa anthu apakhomo.

Anamutenga ali ndi masabata 7. Chaka chapitacho anali atataya kagalu kena ndi parvo, nthenda ija ya kusanza ndi kutsegula m'mimba magazi, choncho ameneyu anamusunga m'nyumba mpaka atalandira katemera womaliza pa masabata 16. Sindinawadzudzule. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo kagalu koyambako kanadwalira pabwalo lomwelo. Koma chisankhocho chinali ndi mtengo wake. Mwana wa galu akamafika masabata 8 kapena 9 amayamba kuzolowera pamene mapazi ake amaponda akamakodza, ndipo amafunafuna malo otero mpaka kukula. Galuyu anakulira m'kanjira ka pakati pa zipinda, pa matailosi oyalidwa nyuzipepala. Kwa iye, pokodzera ndi pamalo osalala, ozizira, a m'nyumba. Atayamba kumutulutsa, ankasewera pa kapinga ola lathunthu osakodza, n'kudzakodza atangolowa.

Chakudya chinali phala la mgaiwa lamadzimadzi lothira usipa ndi ndiwo zotsala, ndipo beseni linkakhala pansi tsiku lonse. Akapeza mkodzo, bambo ankamugwira pakhosi, kumukhudzitsa mphuno pamkodzopo, n'kumumenya ndi patapata. Nthawi zambiri izi zinkachitika madzulo, mkodzowo utauma kale. Pokolopa ankagwiritsa ntchito JIK. Masana pakhomo pankakhala mayi wothandiza ntchito, ana ankafika akaweruka, usiku kunali mlonda kunja. Palibe amene anapatsidwa udindo wotulutsa galu. Aliyense ankayesa kuti mnzake wamutulutsa.

Mayi anawonjezera mfundo ina yomwe bambo sanaione ngati yofunika: kwa masabata awiri apitawo galuyo ankanjuta pafupipafupi, kutulutsa timadontho, kenako kudzinyambita kumaliseche.

Zomwe ndinapeza pomuyeza

Thupi linali lotentha madigiri 38.9, zomwe n'zoyenera kwa galu. Nkhama zofiirira bwino, nkhupakupa zochepa m'makutu, thupi lonenepa mokwanira. Chikhodzodzo chinali chaching'ono, koma ndikachikhudza galuyo ankaumitsa mimba. Ubweya wa kumbuyo ndi wa m'ntchafu unali wouma, ndipo mayi anatsimikiza kuti pogona pake sipanyowa. Izi zinachepetsa nkhawa yanga ya chilema chobadwa nacho chimene njira yochokera ku impso imaphonya chikhodzodzo. Agalu aakazi aang'ono amene ali nacho amadontha mkodzo nthawi zonse, ngakhale ali mtulo.

Mkodzo tinauwakha m'kambale koyera akukodza. Munalibe shuga. Munali timagazi, ndipo pa mayikulosikopu munaoneka maselo oyera ambiri ndi mabakiteriya ooneka ngati timitengo. Ndikanakonda kutumiza mkodzowo ku labotale kuti adziwe mtundu wa bakiteriya ndi mankhwala omupha, koma ndalama zake banjalo linalibe, ndipo popeza kanali koyamba kudwala chonchi, tinapitirira popanda zimenezo.

Chinthu china chinachitikira m'chipinda choyezera momwemo. Nditaimirira n'kumuweramira kuti ndimugwire kumutu, galuyo anagona chagada, kupinda mchira, n'kutulutsa mkodzo pang'ono. Patapita mphindi zingapo ndinanjuta cham'mbali, osamuyang'ana m'maso, n'kumusiya abwere yekha. Sanakodze. Ndinapempha bambo kuti amuitane monga amachitira kunyumba. Mawu awo atangomveka, galuyo anakhala pansi n'kukodza. "Mwaonatu," anatero bambo. Ndinawayankha kuti ndaona, koma zomwe ndaonazo si mwano.

Ndinapereka amoxicillin, mankhwala opha mabakiteriya, wa masiku 5 ndi mankhwala a nkhupakupa. Ndinawachenjezanso kuti asamupatse Panado kapena Brufen wa m'nyumba poganiza kuti akumuthandiza ululu: Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo Panado, ngakhale piritsi limodzi, amatha kupha mphaka.

Kope la sabata imodzi

Ndisanapereke malangizo ambiri, ndinapempha kuti agule kope la sukulu n'kumalemba mkodzo uliwonse: nthawi, malo, wochuluka bwanji, ndani analipo, ndipo galu anali kuti. Ntchitoyi anaitenga mwana wamkazi wa Fomu 2 pamodzi ndi mayi wothandiza ntchito uja, ndipo anailemba bwino kuposa mmene akuluakulu ambiri amachitira. Pa sabata yomweyo ndinati galu asamayende yekha m'nyumba: azikhala pamaso pa munthu, kapena m'kastolo kakang'ono kamene tinagwirizana kuti kakhale kogona kwake.

Kopelo litabwera, zimene banjalo linkazitcha vuto limodzi zinagawika panayi.

Timadontho tapafupipafupi tinatha pa tsiku lachitatu la mankhwala. Amenewo anali matenda a chikhodzodzo, ndipo nditayezanso mkodzo munalibe magazi kapena mabakiteriya. Galu amene chikhodzodzo chikumuwotcha sangaphunzitsidwe kudikira, n'chifukwa chake sindiyamba maphunziro aliwonse ndisanayeze mkodzo.

Zithaphwi zazikulu za pa matailosi zinkapezeka m'mawa kwambiri, akangodya, ndi akamaliza kusewera ndi ana. Uku kunali kusaphunzitsidwa chabe.

Mkodzo wochepa wa pakhomo lolowera unkachitika pakati pa 5 koloko ndi 6 koloko madzulo, ndipo pamzere wa "ndani analipo" panali dzina limodzi lokha: adadi.

Chachinayi ndicho chinadabwitsa onse. Kuseri kwa sofa ndi pa kachiguduli ka kubafa pankapezeka mkodzo wafungo lamphamvu, kawiri m'mawa galu atagona m'kastolo usiku wonse chitseko chili chotseka. Mkodzowo unali wa mphaka. Galuyo anali atamenyedwa kangapo chifukwa cha mlandu wa mnzake.

Mkodzo wa mantha

Apa ndi pamene ndinathera nthawi yambiri, chifukwa wofunika kusintha sanali galu. Mwana wa galu akakumana ndi wamkulu womuopsa amagona pansi, kuonetsa mimba, n'kutulutsa mkodzo pang'ono. Ndi njira yake yonenera kuti sakufuna ndewu. Sachita kuganiza, ndipo agalu ambiri amasiya okha akamakula ngati palibe chowaopseza. Tsono taonani zomwe zinkachitika pakhomo pano: bambo alowa, apeza mkodzo wa masana, akalipa, galu achita mantha n'kukodza, bambo amumenya chifukwa cha mkodzo watsopanowo, mawa galu achita mantha kwambiri. Pofika Januwale, kulira kwa galimoto pageti kunali kokwanira kumukodzetsa.

Bambo anatsutsa. "Koma amadziwa kuti walakwa. Ndikalowa amakhala atabisala kale pansi pa tebulo." Pafupifupi mwini galu aliyense amanena mawu amenewa. Mu 2009 katswiri wa khalidwe la agalu wa ku Barnard College ku New York, Alexandra Horowitz, anayesa nkhani yomweyi ndi agalu 14. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kachakudya kena n'kutuluka m'chipinda. Pobwerera ankauzidwa kuti galu wadya kapena sanadye, ndipo nthawi zina ankauzidwa zabodza. Nkhope ija timati ya wolakwa inkaoneka kwambiri pamene galu akukalipiridwa, kaya anadyadi kaya ayi, ndipo agalu osalakwa amene anakalipiridwa ndiwo ankaoneka olakwa kwambiri. Galu amawerenga nkhope ndi mawu a munthu amene ali patsogolo pake. Zomwe anachita maola atatu apitawo sangazilumikize ndi patapata wa madzulo. Chomwe amaphunzira n'chakuti mkodzo ukakhala pansi, munthu uyu n'kulowa, pamakhala mavuto; ena amaphunziranso kuti kukodza pamaso pa munthu n'koopsa, ndiye amakabisala kuchipinda. Zimenezi zimasokoneza maphunziro onse, popeza timafuna kuti galu akodze panja munthu ali pambali pake kuti amuyamikire.

Ndinawafunsa bambo ngati anaonapo mwana wosiya kukodza pamphasa chifukwa chomenyedwa m'mawa. Anaseka, n'kunena kuti kwawo ankamenyedwa ndithu, koma sizinkathandiza.

Zomwe tinagwirizana nawo zinali izi. Kumenya ndi kukhudzitsa mphuno kuthe lero lomwe. Akafika kunyumba asamuyang'ane galu, asamulankhule, alowe, avule nsapato, akhale pansi. Pakatha mphindi 10 atuluke naye panja, ndipo moni akapatsanirane pa kapinga, kumene ngakhale atakodza palibe chovuta. Pomugwira anjute cham'mbali, amukande pachifuwa osati pamutu, mawu akhale otsika. Akakodza pamaso pawo, asanene kanthu, angochokapo. Ndinawapatsanso ntchito yomudyetsa chakudya chamadzulo ndi kumuphunzitsa kukhala pansi pomupatsa usipa m'manja. Galu amene wakhala pansi akudikira usipa maganizo ake amakhala pa usipawo, ndipo munthu amene ankamuopa amayamba kukhala munthu wobweretsa zabwino.

Sanasangalale nazo zonse. Anati galu wosaopa mwini wake sangalondere nyumba. Maganizo amenewa ndi ofala kwathu kuno, ndipo ndiwo amachititsa kuti agalu ambiri azikhala otsekeredwa m'khola lamdima masana onse kuti akhale olusa. Ine zomwe ndaona pantchito n'zakuti galu wamantha amaluma mwana wa pakhomo kapena mlendo, wakuba akabwera n'kuthawira kuseri. Anavomera kuyesa mwezi umodzi.

Kuphunzitsa pokodzera

Anthu amakonda kuwerengera kuti mwana wa galu amatha kusunga mkodzo maola ofanana ndi miyezi yake, kuwonjezerapo limodzi. Ndi chiyerekezo chabe, ndipo chimagwira galu akamagona. Akamasewera nthawiyo imafupika kwambiri. Kwa galuyu, amene anali atangochira kumene, tinayamba ndi maola awiri aliwonse masana, kuphatikizapo akangodzuka, pasanathe mphindi 20 atadya, ndi akangomaliza kusewera. Komaliza ankatuluka cha m'ma 10 koloko usiku, koyamba 5 koloko m'mawa.

Pomutulutsa, akhale pa chingwe, apite naye malo amodzi omwewo, munthu aime chete osasewera naye. Akayamba kukodza anene mawu amodzi, banjalo linasankha "fulumira", ndipo akangomaliza alandire usipa pomwepo, osadikira kuti alowe m'nyumba. Ambiri amaphonya pamenepa: amamupatsa mphotho kukhitchini, galu n'kuphunzira kuti kulowa m'nyumba ndiko kumalipira. Akapanda kukodza pa mphindi 5, abwerere m'kastolo kapena akhale pa chingwe pafupi ndi munthu, ayeserenso pakatha mphindi 15. Akamupeza akunjuta m'nyumba, angoomba m'manja kamodzi n'kuthamanga naye panja.

Vuto la matailosi tinalithetsa ndi matailosi omwewo. Pakhomopo panali zidutswa zotsala pomanga. Tinaziyala pa kapinga m'munsi mwa denga la garaja, pomwe mvula siifika kwambiri, n'kuikapo nyuzipepala yonyowa ndi mkodzo wake. Anakodzapo tsiku loyamba. Masiku otsatira ankachotsa chidutswa chimodzichimodzi, mpaka pomwe anatsala akukodza pa udzu weniweni.

Kastolo kanali kokwanira kuti aimirire, atembenuke, agone motambasuka, ndipo kanali ndi zenera. Galu mwachibadwa sakonda kuipitsa pogona pake, koma ukamutsekera nthawi yaitali amakakamizika, ndipo chibadwa chimenecho chimafa. Ndinaletsa kupitirira maola atatu masana, ndiponso kumuponyamo ngati chilango.

Chakudya chinasintha kukhala katatu patsiku, nthawi zodziwika, mbale kuchotsedwa pakatha mphindi 15. Phala likhale lolimba, ndiwo zotsala zichoke chifukwa mchere umachulukitsa ludzu ndipo anyezi amawononga magazi a galu. Ndinalangiza kusakaniza ndi chakudya chogula cha ana agalu mmene thumba lingalolere. Madzi akumwa sindinalole kuti achepetse; galu wochira kumene chikhodzodzo amafunika kumwa.

Pa kakolopedwe, JIK amapha tizilombo koma fungo limene mphuno ya galu imamva limatsala, ndipo akasakanikirana ndi mkodzo wambiri amatulutsa mpweya wotsamwitsa. Mankhwala okolopera okhala ndi ammonia ndiye amaitana galu kuti abwereze. Ndinawauza kuti ayambe apukuta mkodzo wonse, atsuke ndi sopo waufa amene paketi yake yalembedwa kuti muli ma enzyme, asiye kwa mphindi zingapo, atsukuluze, aumitse.

Ndandanda yonseyi inamatidwa pafiriji, mzere uliwonse ndi dzina la woyang'anira. Gawo lalikulu linagwera mayi wothandiza ntchito, ndipo ndinanena poyera pamaso pa eni nyumba kuti iyi ndi ntchito yowonjezera, ntchito zina zimuchepere kwa masabata angapo. Ndondomeko zambiri zoterezi zimafera pamenepo.

Mphaka

Anabwera naye sabata yotsatira. Chikhodzodzo chinali chofewa, mkodzo wopanda magazi kapena mabakiteriya. Sankapopera pakhoma ataimirira monga amachitira amphaka oika chizindikiro. Ankanjuta n'kukodza wambiri pamalo ofewa. Mphaka wotere akufuna chimbudzi, ndipo chake chinali chitalandidwa. Kale ankatulukira pazenera la kukhitchini kukakumba m'dimba. Mvula ndi udzudzu zitayamba, zeneralo linayamba kutsekedwa. Beseni lake la mchenga linali m'kanjira kaja komwe galu anakulira, ndipo galuyo ankamudikirira pomwepo kuti amuthamangitse, kenako n'kudya zomwe mphaka wasiya.

Tinaika mabeseni awiri, popeza lamulo lake ndi beseni limodzi pa mphaka aliyense, kuwonjezerapo lina. Mabeseni akhale aakulu, otalika kuposa mphakayo, mchenga wa kumtsinje wosefa ndi woumitsa padzuwa, wozama masentimita pafupifupi 5. Limodzi linapita kubafa, chitseko chikumangidwa ndi kachingwe kuti mpata ukwane mphaka yekha. Lina kuchipinda kumene galu salowa. Zoipa zizichotsedwa tsiku lililonse, mchenga wonse kusinthidwa pasabata. Kachiguduli kanatayidwa, ndipo kuseri kwa sofa, titatsuka, tinaikako mbale yake ya chakudya, chifukwa mphaka sakonda kukodza pamene amadyera. Anamupatsanso shelefu yam'mwamba pabalaza kuti azitha kumuyang'ana galu ali kutali.

Chenjezo limodzi ndinalibwereza kawiri. Mphaka wamphongo amene akupanikizika maganizo amatha kutupa chikhodzodzo, njira ya mkodzo n'kutsekeka. Akamapita kubeseni mobwerezabwereza, kulira, osatulutsa kanthu, abwere naye tsiku lomwelo, usiku kapena Lamulungu. Mphaka wotsekeka amatha kufa pasanathe masiku atatu.

Zotsatira

Mphaka sanakodzenso kunja kwa beseni kuyambira tsiku lomwe mabeseni anasunthidwa.

Galu anatenga nthawi. Pa sabata yachiwiri kope linaonetsa zithaphwi ziwiri zokha, zonse m'mawa pamene wotulutsa anachedwa kudzuka. Pa sabata yachitatu zinthu zinabwerera m'mbuyo: mayi wothandiza ntchito anapita kumaliro kumudzi, ana anali kusukulu, ndipo galu anasiyidwa yekha pabalaza. Banjalo linaimba foni likuganiza kuti matenda abwerera. Mkodzo unali bwino. Tinabwerera ku maola awiri, mlonda n'kuvomera kufika msanga masana kwa masiku amenewo. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi galuyo ankapita yekha pachitseko n'kulira, ndipo tinayamba kumutsegulira zipinda chimodzichimodzi, chipinda chatsopano pokhapokha patatha sabata yopanda mkodzo m'nyumba.

Mkodzo wa mantha ndiwo unachedwa. Kwa bambo unatha cha pa sabata yachisanu ndi chitatu, ndipo tsopano ndiwo amayenda naye madzulo. Kwa alendo aamuna olankhula mokweza amadonthabe apo ndi apo. Ndawauza kuti mlendo azikumana naye panja ndipo azimupatsa usipa osamuweramira. Ndikuyembekeza kuti zitha akamakwanitsa chaka, koma zikapitirira tidzaunikanso.

Bambo anenetsa kuti akakula azigona pakhonde, ndipo ndavomera, malinga akhale ndi pogona pouma komanso asamangidwe tcheni. Ndawachenjeza kuti nyengo yake yoyamba yofuna amuna ikhoza kufika mwezi uliwonse tsopano, ndipo agalu aakazi ambiri amakodza pafupipafupi nthawi imeneyo, choncho asadabwe kapena kuyambiranso chilango. Za opaleshoni yoletsa kubereka tidzakambirana nyengoyo ikadutsa. Timadontho tikabwereranso, mkodzo upita ku labotale tisanapereke mankhwala ena.